Kodi Cheetara anamusiyira dala Lion-O pa mpikisano uja kapena anapambanadi?

BamboATada

Abale amene munakula mukuonera katuni ya ThunderCats yakale ija ya 1985 bwerani mundiweruzire mlandu kuno kunyumba. Ine ndi mwana wanga wa zaka 8 timaonera pa foni madzulo akamaliza homuweki, episodi imodzi patsiku basi chifukwa bandulo mukuidziwa mmene imathera, nde dzulo tafika pa ija Lion-O akupikisana kuthamanga ndi Cheetara, The Trial of Speed. Kwa amene mwaiwala ndi mu mayeso aja oti Lion-O adzozedwe ufumu, amayenera kugonjetsa anzake mmodzimmodzi pa chinthu chomwe mnzakeyo ali dolo, ndipo lupanga lake lija la Sword of Omens amalisiya kunyumba.

Nde kumapeto Lion-O akupambana. Mwana wanga kungoponya foni pa mpando nkuti adadi apa atinamiza, anti aja amusiyira dala, Cheetara akamathamanga amangooneka mzere wachikasu nde zingatheke bwanji chimunthu cholemera ngati Lion-O chimupitirire. Ine ndinayesa kuti iyayi mesa afotokoza pomwepo, koma sipika ya foni yanga inawonongeka kalekale imangolira ngati njuchi nde inenso sindinamve bwinobwino, ndangotolako zoti mamailosi mamailosi. Chomwe chandipweteka ndi chomwe anawonjezera, akuti zili ngati mmene mumapangira inuyo tikamachokera ku chigayo, mumayamba kutsimphina dala tikafika pa mtengo wa mango paja. Ine nthawi yonseyi ndimayesa sadziwa kkkkk

Nde ndiuzeni amene mukuikumbukira bwino, anamusiyira kapena ayi? Komanso chinanso chomwe sindikumvetsa, Lion-O akhala akumutchula kuti Lord of the ThunderCats kuyambira episodi yoyamba, lupanga ndi lake, bambo ake anali mfumu, nde mayesowa ndi achani pakati pa ulendo?

Mphwanga265

Mwanayo ali ndi maso, mugulireni fanta. Anamusiyira basi. Mukuganiza akanapambana Cheetara zikanatha bwanji, katuni ithere pomwepo? Onsewo a Panthro, a Tygra, ndi tiana tija amamukonda Lion-O, amafuna akhale mfumu, nde munthu amene akufuna upambane ndi yemweyo akukuyesa, pamenepo pali mayeso? Zili ngati kulemba mayeso invijileta ali malume ako.

MdalaWaMatepi

Amwene Mphwanga265 mwathamanga ngati Cheetara yemweyo nde mutopa musanafike kkk. Sanamusiyire, ndipo nkhani yoti anamusiyira ili mkati mwa episodi momwemo, si mwana wa BamboATada amene wayamba kuiganiza. Lion-O mwini wake atapambana sanasangalale, anakaika chimodzimodzi kuti mwina wangopatsidwa, nde anzake anamuuza kuti Cheetara liwiro lake lonse lija amatha kukhala nalo pa mamailosi 2 okha, pomwe chigawo chomaliza cha mpikisano chinali mamailosi 5. Mukasintha ndi pafupifupi makilomita 3 pa makilomita 8. Ndiye kuti poyamba anamusiya kutali zedi, fumbi lokhalokha, koma mphamvu zitamuthera Lion-O amene amangobwera ndi liwiro lake lomwelo anamupeza nkumudutsa. Mamailosi amene munamva pa sipika yanu ya njuchiyo ndi amenewo achimwene.

Ine ndinaionera pa tepi ya VHS zaka za m'ma 90, ankolo anga anabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi deki yake, tepi imodzi yomweyo tinaizunguliza mpaka chithunzi chinayamba kugwa mizere, nde zambiri ndinaziloweza ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Ndadzaoneranso zonse ndili wamkulu.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe lili ndi nyama. Bwererani ku episodi yoyamba ija, Exodus. Dziko lawo la Thundera likuphulika, akuthawa pa chombo, ma Mutant a ku Plun-Darr akuwathira nkhondo m'njira nkuononga chombocho moti sangafikenso komwe amafuna, nde akulowera ku Third Earth. Ulendo wake ndi wa zaka zambiri, onse akulowa m'makapisozi ogonamo aja kupatula mdala Jaga amene anatsala akuyendetsa yekha mpaka anafera pa chiwongolero ndi ukalamba. Lion-O polowa mu kapisozi anali mwana wa zaka 12. Potuluka ndi chimunthu cha minofu, mawu abesi, koma mutu ndi womwe uja wa zaka 12, zaka zonse zomwe munthu amaphunzira kugwa ndi kudzuka iye anazigona. Nde taganizani inu muli Panthro, munthu wamkulu woti wamenyapo nkhondo, chigalimoto cha nkhondo chija cha ThunderTank munapanga ndi manja anu, nde amene akukulamulani ndi mwana wa sitandade 7 wovala thupi la bambo ake. Ulemu mumupatsa chifukwa ndi mwana wa mfumu Claudus ndipo Eye of Thundera lomwe lili pa lupanga limamumvera, koma pansi pa mtima funso likhalapo ndithu, kodi wamphamvu ndi iyeyu kapena ndi lupangali. Paja vuto lililonse likamukulira amangolikweza m'mwamba nkukuwa Ho, chizindikiro chija chiwale kumwamba, akuluakulu abwere adzamuombole. Mayesowa amamulanda zonse ziwirizo, lupanga palibe ndipo anzakewo saloledwa kumuthandiza. Dzina la ufumu anali nalo chobadwa nacho koma mwambo wawo umati aliyense wolowa pampando adutse kaye mu mayesowa, iye anali asanadutse.

Alipo masiku 5. Loyamba mphamvu ndi Panthro, lachiwiri liwiro ndi Cheetara, lachitatu kuchenjera ndi WilyKit ndi WilyKat, lachinayi mphamvu ya maganizo ndi Tygra amene amamuonetsa zinthu zoti kulibe, lomaliza ndi mdani wawo wamkulu Mumm-Ra weniweniyo kwake ku Black Pyramid, chimanjamanja. Nde amwene Mphwanga265 ngati mukuti onse amamusiyira, Mumm-Ra nayenso ndi malume ake?

Chenjezo kwa BamboATada, pa mndandanda wa maepisodi asanuwa sanatsatizane, pakati pake pamalowa nkhani zina zosakhudzana, nde mukangodina yotsatira mupeza Lion-O ali ndi lupanga lake akumenyana ndi zina, mwana asokonezeka. Sakani ndi dzina loti Lion-O's Anointment muwapeze onse.

NaBanda_Machinga

Ine zoti anamusiyira zimandinyansa pang'ono, pepani. Bwanji palibe amene akuti Panthro anamusiyira? Akagonja mwamuna nde kuti wagonjadi, akagonja mkazi nde kuti anamva chisoni ngati mayi ake? Cheetara sanali nane wa Lion-O, ntchito yolera inali ya Snarf, amene ankangokhalira kudandaula uja. Cheetara anali msilikali ngati anzakewo, ndi ndodo yake ija, ndipo mmene ine ndimamuonera ndi munthu woti kukusiyira angakuone ngati kukunyoza. Malamulo awo aja a Code of Thundera ndi chilungamo, choonadi, ulemu ndi kukhulupirika, nde akanamunamiza mnzake pa tsiku lalikulu chonchija akanakhala waphwanya awiri nthawi imodzi.

Ndipo amene analemba nkhaniyi sanaitole m'mutu, anatengera nyama yeniyeniyo. Cheetah, ena amati kakwiyo, musasokoneze ndi kambuku, ndi nyama yothamanga kuposa zonse zoyenda pansi, imafika cha m'ma 100 kilomita pa ola, koma zimenezo ndi za kanthawi kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe, mamita mahandiredi ochepa basi. Ikaphonya pamenepo imasiya, siilimbikira. Olo igwire imayamba yakhala pansi kupuma wefuwefu isanadye, nde nthawi imeneyo afisi kapena mkango akabwera amailanda nyama ili kuyang'ana, ilibe mphamvu yolimbana nawo. Thupi lake ndi la liwiro basi, lopepuka, miyendo italiitali, mchira wautali wowongolera pokhota. Nde Cheetara wa mamailosi 2 amuwonjezera kale kwambiri poyerekeza ndi m'bale wake wa kutchire.

BamboATada ngati muli chakuno kummwera mudzamutengere mwanayo ku Liwonde National Park. Nyamazi zinatha m'dziko muno kwa zaka ngati 20, a African Parks anazibweretsanso mu 2017 kuchokera ku South Africa, kenako zina anakaika ku Majete mu 2019. Ine ndinapita ndi ana a sukulu yathu, tinaiona imodzi patali itagona pa chulu, sinathamange olo pang'ono, mphindi zonse tinaima pamenepo inangotukula mutu kamodzi nkugonanso. Ana anakhumudwa kuti madamu nde yothamanga ija ndi imeneyi kkkk. Koma ndi mmene zilili, imasunga mphamvu.

Za ufumuzo a MdalaWaMatepi afotokoza bwino, ine ndingowonjezera kuti sizachilendo kwa ife. Kwathu mfumu ikamwalira sikuti mphwake amangodzuka mmawa nkukhala pampando chifukwa magazi ndi ake, azimayi a mbumba amakhala pansi kaye nkuona kuti mwa ana onsewa woti angasunge mudzi ndi uti, ndipo mpaka amulonge pamaso pa anthu ndi pomwe amakhala mfumu yeniyeni. Kungoti kwa a Lion-O ufumu ukuchoka kwa bambo kupita kwa mwana ngati kwa Angoni.

Jah_Kabwe

Imeneyi nde ija amphaka awiri ali ndi ndege yakuda? Wina wonenepa wina woonda? Ine ndimaikonda heve koma mpikisano wothamanga sindikuukumbuka

MdalaWaMatepi

Iyayi bigi, imeneyo ndi SWAT Kats, ya Hanna-Barbera, inatuluka 1993. T-Bone ndi Razor, ndege yawo Turbokat, mzinda wa Megakat City. Aja anali apolisi a mumlengalenga, bwana wawo Commander Feral anawachotsa ntchito nkuwatumiza kukagwira ku malo otayako zitsulo, nde ndegeyo anaipanga ndi zitsulo zotola pomwepo, amakaniki enieni kkk. Inali bho koma sinakhalitse. ThunderCats ndi ya Rankin/Bass, zojambulazo zinkapangidwa ku Japan ndi Pacific Animation Corporation, nchifukwa chake kayendedwe kake kamafanana ndi ma anime, ndipo inafika maepisodi 130. Tsegulani ulusi wina wa SWAT Kats tikakupezani konko, pano tikuweruza mlandu wa ku chigayo.

Mphwanga265

Chabwino mdala, za Mumm-Ra mwandigwira, ndipo madamu a ku Machinga pepani sindimanena chifukwa ndi mkazi, Panthro nayenso ndimamukaikira kungoti funso linali la Cheetara. Koma ndiyankheni ichi. Cheetara thupi ndi lake, akudziwa kuti liwiro lonse limamuthera pa mamailosi 2, akudziwanso kuti mtunda watsala ndi 5, sikuti anamubisira. Nde munthu wanzeru ngati iye angayambe ndi giya yomaliza chifukwa chani? Akanangothamanga theka la liwiro lake, olo kota, bwenzi akumusiyabe Lion-O kutali nkukafika ali bwinobwino akumwa madzi. Aliyense amene anathamangako cross country ku sekondale amadziwa zimenezi, suyamba ndi moto wonse, amene amatero ndi ma fomu wanu ofuna kuonetsa atsikana pa geti nde mumakawapeza atagwira m'mimba pa mlatho. Nde pali ziwiri, kapena Cheetara ndi fomu wanu, zomwe sindikukhulupirira, kapena anadzitopetsa dala kuti zioneke ngati wagonja mwachilungamo. Kumusiyira kwanzeru ndi kumeneko, osati kwa BamboATada kotsimphina pa mango poonekera kkkkk

Chiko_wa_ku_Leeds

Shaa koma Mphwanga265 apa mwabaya penipeni, ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete ndili pa basi kuchokera ku shifiti ya usiku nde ndalephera kupirira. Dzenje limenelo lilipo ndithu mu nkhaniyi ndipo tisanamizane kuti kulibe. Koma ine sindikufika nanu pa mfundo yoti anadzitopetsa dala. Choyamba mamailosi 5 aja ndi chigawo chomaliza chabe, tsiku lonse anali ali m'njira ndipo a Slithe ndi ma Mutant anzake samangoonerera, mayeso onsewa ankafuna kuwasokoneza kuti Lion-O asadzozedwe, nde sikuti Cheetara anafika pamenepo ndi thanki yodzadza. Chachiwiri, mu katuni yonseyi simudzamuona Cheetara akuthamanga mwapakatikati pa nkhondo, amakhala ngati ali ndi magiya awiri basi, kuyenda ngati wina aliyense kapena mzere wachikasu uja. Zili ngati nyama yomwe a NaBanda afotokozayo, siidziwa kuthamanga kosunga mpweya ngati galu kapena fisi amene amatha kukutsata mtunda wautali, iyo ndi zonse kapena ayi. Nde njira yake yopambanira inali imodzi, kutsegula mpata waukulu koyambirira woti Lion-O aone kuti basi zatha agwe ulesi. Ndipo pa munthu wina aliyense zikanatheka, ukaona mnzako wasowa m'maso pa sekondi imodzi miyendo imalemera yokha. Mayeso enieni anali pamenepo kwa ine, kuti mwana wa zaka 12 uja amene anazolowera kuti zikavuta aitane akuluakulu apitirize kuthamanga yekhayekha pa msewu woti sakuona olo fumbi la amene akumuthamangitsa, osadziwa kuti kutsogolo mnzakeyo watopa. Iye za mamailosi 2 sankazidziwa, anazimva atamaliza kale.

Koma kunena zoona olembawo anadziika okha pakona. Anapanga munthu woti liwiro lake palibe angalifike kenako nkufuna kuti agonje pa liwiro lomwelo mu mphindi 22, nde anatulukira pa windo la mamailosi. Kwa ine windo lake ndi labwino chifukwa silinamuchotsere ulemu Cheetara, akadali wothamanga kuposa onse, komanso silinamupatse Lion-O mphamvu yatsopano yochokera kumwamba ngati mmene makatuni ena amapangira.

Kuno azungu a msinkhu wanga amaidziwa onse, inkaonetsedwa pa BBC kumapeto kwa ma 80, moti mnzanga wina ku ntchito ali ndi chizindikiro chofiira chija pa kapu yake ya tiyi. Ana anga ine anayamba ndi ya 2011 ya pa Cartoon Network, yojambulidwa ndi Studio 4°C, ija Tygra ali mkulu wake wa Lion-O wochita kuleredwa ndi a Claudus ndipo amalimbirana chilichonse. Nayonso ili ndi mayeso ake, The Trials of Lion-O, magawo awiri, koma anawasintha kwambiri. Inathera pa maepisodi 26 nkhani ili pakati, mpaka lero zimandiwawa. Chomwe chinandisangalatsa ndi choti Larry Kenney amene ankalankhula ngati Lion-O mu 1985 anamubweretsanso kuti alankhule ngati Claudus, bambo ake a Lion-O, nde ukamva mawuwo umangoti eee mwana uja wakula. ThunderCats Roar ya 2020 ija musandifunse, ana anaseka ine ndinatuluka panja.

NaBanda_Machinga

A Chiko mwanditengera mawu mkamwa pa za magiya awiri. Koma a Mphwanga265 cross country mukunenayo munamalizako kapena ndinu a pa mlatho aja?

Mphwanga265

Madamu funso limenelo ndi la ulusi wina kkkkk. Ine ndavomera theka, kuti Lion-O sanadziwe nde thukuta lake linali lenileni. Theka linalo ndikusunga, Cheetara amadziwa zomwe amapanga.

BamboATada

Zikomo nonse abale, sindimayembekezera kuti mpaka tifika ku Liwonde ndi ku mbumba. Madzulo ano tabwereza episodi ija, ndinabwereka ma earphone a mayi ake tinagawana khutu limodzi limodzi, nde tamva tokha za mamailosi 2 zija. Ndamuwerengeranso zomwe analemba a NaBanda za nyama ija yopuma wefuwefu afisi nkuilanda, zimenezo nde zamugwira mtima kuposa katuni yomwe, wafunsa mafunso mpaka nsima kuzizira, akuti nde bwanji siikwera nayo mumtengo ngati kambuku. Ku Liwonde ndalonjeza holide ikubwerayi ndipo wandilembetsa pa kalendala kuti ndisakane.

Koma pa mlandu weniweniwo sanasunthe kwenikweni, ali mbali ya a Mphwanga265, ndipo funso la theka la liwiro lija analifunsa yekha ndisanamuwerengere, ndinangoti mwana uyu ali ndi akaunti pano kapena. Chomwe wavomera ndi choti Lion-O sanabere.

Nde wandipatsa chigamulo chake. Akuti Loweruka tikamachokera ku chigayo tithamange zenizeni, ufa anyamule mayi ake, ndipo osati kuyambira pa mango paja ayi koma kuyambira ku chigayo komweko mpaka pa geti, chifukwa akuti inuyo adadi ndinu Cheetara, mumathamanga pang'ono nkuyamba kutsokomola. Ndayeza pa foni ndi kilomita imodzi ndi theka ndipo pali chitunda. A MdalaWaMatepi, tsiku lachitatu lija la WilyKit ndi WilyKat likubwera pambuyo pa episodi iti, ndifune ndidawunilodiretu lero Loweruka lisanafike mwina ndikhala ndili chigonere.